Musawagoneke pamphasa bambowo

Achemwali, amene akukuuzani kuti bambo anu azingogona poti Huntington, nthenda ya ubongo yogwedeza thupi, ilibe mankhwala akuwafupikitsira masiku oyenda. Inde mafizo sachiza, matendawa ndi akumtundu, koma munthu akangogonekedwa miyendo imalefuka msanga kuposa mmene matendawo akanaifooketsera.

Achibale ndiye amanyansa. Munthu akudzandira, manja akugwedezeka okha, iwo amvekere waledzera, ena walodzedwa, ndalama n'kuthera kwa asing'anga, koma wogona naye usiku palibe. Chonsecho ngozi ili usiku. Adzuka mwaphuma kupita kuchimbudzi, mdima bii, wavala mapatapata, ali pakati potembenuka wina n'kumufunsa kuti mukupita kuti. Ubongo wake sutha kuyenda ndi kuyankha nthawi imodzi. Phazi likola linzake, manja achedwa kutchinjiriza, mutu pasimenti. Kunja bala silioneka, magazi akuchucha mkati. Akayamba kusanza, kusinza kapena kusokonezeka atagwa, kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuche.

Aziyenda katatu pa sabata, mphindi 20 mpaka 30, mwandawala moti azipumira m'mwamba koma n'kumatha kulankhula. Pabwalo losesa bwino, nsapato zomanga. Inu muime kumbuyo chakumbali mutagwira chitenje chomangidwa m'chiuno mwawo, osati dzanja, chifukwa mukakoka dzanja mugwera limodzi. Poyenda palibe macheza. Potembenuka azizungulira pang'onopang'ono, osapotoloka pa phazi limodzi. Akapuma, akhale pampando wolimba wotsamira khoma, adzuke ndi kukhala ka 10, maulendo atatu, ndipo azikhala pang'onopang'ono, osangodzigwetsa. Musaweruze isanakwane milungu 12. Ndodo musathamangire kugula, kwa anthu amenewa imawakola miyendo. Chogwirira cha mateyala anayi n'chabwinoko, bola a fizo awaphunzitse mabuleki. Ngati muli chakufupi ndi Blantyre funsani ku Kachere, chipatala cha mafizo.

Chakudya wonjezerani. Kugwedezekako kumadya mphamvu, akawonjeza mafizo amaonda mofulumira. Phala lolimbako la nsinjiro, mazira, mapeyala, pang'onopang'ono koma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Adye atakhala tsonga, mbamu zing'onozing'ono, wailesi itatsekedwa, ndipo asagone mpaka mphindi 30 zidutse. Kutsamwa kumabweretsa chibayo, ndipo chibayo n'chimene chimatenga ambiri. Ngati akumwa haloperidol, mankhwala ochepetsa kugwedezeka, n'kumauma thupi kapena kusinza, uzani adokotala, musasiyitse nokha.

Kusafuna kudzuka si ulesi, ndi matenda omwewo, choncho ikani ola limodzimodzi lodzukira tsiku lililonse ndipo muziyamba ndi inu kunyamuka. Komabe tsiku akakana ndithu asiyeni agone, mkangano umangowonjezera kugwedezeka. Njinga ya olumala yambani kuifunafuna panopa akadayenda, imatenga nthawi kupezeka.