Kwa inu amene mwabwera kudzayeza sinowo ku Saskatoon, ku Canada

Abale anga amene mwafika mu Sepitembala, ndikudziwa kuti mukuganiza kuti anthu ankangokuopsezani. Dzuwa likuwala, masamba angoti psuu, ndipo juzi ya pakaunjika ija munagula ku Limbe ikukwanirabe. Dikirani Novembala. Ine ndadya zaka zingapo kuno ndikuyeza sinowo ndi madzi a m'mitsinje, ndipo poti ena mwa inu mwabwerera zomwezi, ndati ndikutsineni khutu.

Poyamba konzekani kuyankha funso la kumudzi. Mayi anga anandifunsa pafoni kuti, "Ndiye ulendo wonsewo wapitira kukayeza ayezi?" Ndinawayankha ndi nkhani ya nkhokwe. Kwathu mvula imagwa miyezi yochepa, nyanja n'kusunga madziwo, Shire n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kudutsa pa Liwonde mpaka kukazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuno nkhokwe yake ndi sinowo ya m'mapiri a Rockies ku Alberta. Imaunjikana nyengo yonse yozizira, ikamasungunuka imatsikira mu Bow, Oldman ndi Red Deer, n'kulowa mu South Saskatchewan River, kudzera mu Lake Diefenbaker kuseri kwa Gardiner Dam imene inatha kumangidwa mu 1967. Madzi amene mukuphikira nsima m'nyumba zanu za lendi ndi omwewo. Ntchito yathu ndi kusuzumira m'nkhokwemo n'kunena kuti chaka chino muli zochuluka bwanji. Mayi anamvetsa, ngakhale anaonjeza kuti azungu ali ndi nthawi.

Tsiku loyamba kutchire mudzafuna kungobaya ndodo n'kulemba kuya kwa sinowo. Kuya pakokha sikunena zambiri. Dengu la chimanga chosatonola ndi dengu la chotonola onse ndi odzaza, koma ufa wake ndi wosiyana. Sinowo yongogwa kumene yokwana masentimita 10 imatulutsa madzi a sentimita imodzi kapena kuchepera apo, pamene yakale, yotsendereka ndi mphepo, imatha kulemera katatu kuposa pamenepo. N'chifukwa chake timanyamula chipaipi chokhala ndi mano kunsonga. Umachilowetsa mpaka chigunde dothi, n'kuchizula bwinobwino kuti za m'kati zisatayike, n'kuchipachika pasikelo. Kulemerako ndiye kumatiuza madzi amene ali m'menemo, amene anzathu amangowatchula kuti SWE. Ukatero umasuntha mapazi angapo n'kubwerezanso, mzere wonse, mpaka msana udandaule. Musamabere polemba nambala yongoganizira chifukwa chotopa. Nambala yabodza imodzi imakakhala mu kompyuta zaka zambiri, wina n'kudzalembera pepala la digiri yake.

Chimene chinandizunguza mutu ine ndi chakuti sinowo imatha kusowa osasungunuka. Mphepo ikamaiulutsa m'zigwa za kuno, kapena ikakodwa m'nthambi za mitengo ya paini kumapiri, ina imangosanduka nthunzi n'kubwerera mumlengalenga, osadutsa pokhala madzi. Yesani kuyanika malaya onyowa panja mu Januwale: adzauma gwa ngati thabwa, koma pakapita masiku mudzapeza aumadi. Pulofesa John Pomeroy wa ku University of Saskatchewan amadziwika kwambiri ndi kafukufuku wa zimenezi, ndipo dzina lake mudzatopa nalo m'mapepala amene mudziwerenga. Chinanso ndi dothi. Likaundana limakana kumwa madzi, ndiye sinowo ikasungunuka mu Epulo madzi amangoyenderera pamwamba n'kudzaza timaiwe tambirimbiri ta m'minda ya tirigu. Pitani ku St. Denis, kum'mawa kwa tauni ino, mukaone. Amene munakulira pafupi ndi dambo simudzachedwa kumva zimene zikuchitika pamenepo, ndipo musachite manyazi kunena m'kalasi zimene mukudziwa za madambo.

Kumapiri mayina amene mudzawamve kawirikawiri ndi Marmot Creek ku Kananaskis, kumene anayamba kuyeza mu 1962, ndi Peyto Glacier ku Banff, chimwala cha madzi oundana chimene akhala akuchiyeza kuyambira m'ma 1960 ndipo chikunka chinyentchera. Mu Juni 2013 mvula yamphamvu inagwa masiku angapo sinowo ikadalipo pamwamba pa mapiri, madzi n'kusefukira ku Canmore, High River ndi Calgary, anthu pafupifupi 100,000 n'kuthawa m'nyumba zawo. A ku Nsanje ndi Chikwawa nkhani imeneyi si yachilendo kwa inu, madzi okugwetserani nyumba amakhala atagwa kumtunda kwa eni ake.

Tsopano nkhani imene ndalembera zonsezi. Ife tinaleredwa kuti mwana wabwino amapirira, wamkulu akafunsa umati "ndili bwino" ngakhale zikukuvuta. Khalidwe limeneli kutchire kuno lingakudulitseni zala. Chaka changa choyamba ndinavula magolovesi kuti ndilembe bwino m'kabuku. Zala zinayamba kuwawa, ndinangoti zii, poopa kuti anzanga aziti Mwafirika uyu ndi wofooka. Patapita nthawi ululu unatha, ine n'kusangalala kuti ndazolowera. Kumeneko ndiye kunali kuipa kwake: chala chikasiya kuwawa ndiye kuti chayamba kufa dzanzi ndi chisanu. Mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anaona kuti pensulo ikundipulumuka, anandigwira dzanja n'kundilamula kuti ndilowetse zalazo m'khwapa pompo. Khungu la nsonga za zala ziwiri linasupuka patapita masiku, ndipo mpaka lero zimayamba ndi zomwezo kudandaula kukazizira.

Dziwaninso kuti anzathuwa anaphunzira kuyang'anana kumaso kufuna kadontho koyera patsaya kapena pamphuno. Pakhungu lathu lakuda kadonthoko sikaoneka msanga, kamangochita ngati phulusa. Ndiye musadalire kuti wina akuonani. Nenani nokha, mokweza, kuti zala sindikuzimva. Palibe amene adzakusekeni, ndipo aliyense m'gulumo anabwererapo ku galimoto tsiku lina ntchito isanathe. Mukazizidwa choncho musatikite, musapake sinowo, ndipo musakaike manja pa hita ngati mukuotha moto wa m'mawa ku Dedza, mudzapsa osamva. Madzi ofunda pang'ono kapena thupi lanu lomwe n'zokwanira, zikakula pitani kuchipatala. Poona za nyengo musamangoyang'ana nambala ya kuzizira, onaninso ya wind chill, kuzizira kumene thupi limamva mphepo ikamaomba. Ikafika pa -40, khungu la pamtunda limaundana m'mphindi 5 mpaka 10.

Mdani wina ndi thukuta. Ukamakwera phiri ndi chikwama umatentha, malaya a thonje amanyowa, ukangoima kuti uyeze amazizira ngati wakuthira madzi a mumtsuko. Zovala za thonje zisiyeni kunyumba, ndi jinzi yomwe. Valani zaubweya kapena zopangidwira ntchitoyi, zopyapyala zingapo zosanjikiza, kuti muzivula mukatentha n'kuvalanso mukaima. Zambiri mungazipeze zotsika mtengo ku Value Village, kaunjika wa kuno. Koma pa nsapato musaumire. Gulani zabwino, zokulirapo kuti zala zizisewera m'kati ndi sokosi zokhuthala.

Bolopeni imakana kulemba kukazizira, tengani mapensulo awiri. Foni ndi mabatire zikhale m'thumba la m'kati pafupi ndi chifuwa, apo ayi zifa musanajambule kanthu. Tiyi wa m'fulasiki ndi mtedza m'thumba zimathandiza kuposa mmene mungaganizire. Magalasi a dzuwa ndi ofunika ndithu, kunyezimira kwa sinowo kumawotcha maso. Galimoto mukagula, chingwe cholendewera kutsogoloko ndi cha block heater, hita yotenthetsa injini, muzichilumikiza kumagetsi usiku kuti injini idzalire m'mawa.

Asanakutumizeni kumapiri otsetsereka, funsani za kosi ya AST 1 ya Avalanche Canada, yophunzitsa kudziteteza ku sinowo yogumuka. Sinowo imagumuka ngati phiri la Soche pa nthawi ya Freddy, ndipo munthu wokwiririka amakhala ndi mphindi zochepa chabe. Mudzaphunzira kugwiritsa ntchito kachipangizo kofufuzira mnzanu, ndodo yobayira ndi fosholo. Pa ayezi wa panyanja, a Canadian Red Cross amati akhale wokhuthala masentimita 15 kuti munthu mmodzi ayendepo, 20 mukakhala gulu, 25 pa snowmobile, njinga yamoto yoyenda pa sinowo. Mtsinje wa m'tauni muno musayerekeze n'komwe kuupondapo, ngakhale uoneke woyera bwanji, pansi pake madzi akuthamanga.

Musaganize kuti chaka chonse mudzakhala kumapiri kujambulitsa zithunzi zotumiza pa WhatsApp. Masiku ambiri mudzakhala pa kompyuta kutsuka manambala a makina amene anaundana usiku wina n'kuyamba kunama. Yambani msanga kuphunzira R kapena Python, zilankhulo zolembera mapulogalamu a pa kompyuta, chifukwa CRHM, pulogalamu yoyerekezera kayendedwe ka madzi m'madera ozizira imene inapangidwa konkuno, imafuna manambala okonzedwa bwino.

Mu Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko itadutsa, n'kulowa 5 koloko isanakwane. Mdima umenewu umalemetsa mtima, ndipo wina akayamba kusowa ku tchalitchi kapena kusiya kuyankha mafoni, pitani mukagogode. Funsani dokotala za vitamini D, ife akhungu lakuda imatichepera msanga kuno. Vaselini akhale pafupi, mpweya wa m'nyumba ndi wouma moti milomo ndi zidendene zimang'aluka. Saskatoon sasintha mawotchi, ndiye kwathu amakhala patsogolo ndi maola 8 chaka chonse. Mukafuna kupeza amayi asanagone, imbani pa nthawi ya nkhomaliro. Ufa woyera umapezeka m'mashopu a Aafirika, ngakhale sufika pa wa kuchigayo. Wobwera kuchokera kumudzi mwezi wamawa atitengereko usipa.