Mwana wanu abwere, Mayi, koma mpeni asaugwire

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene wakhala ku Leeds, m'dziko la Britain, zaka zoposa 20. Anandilola kuyankha poyera, dzina lokha ndisatchule. Mwana wawo wamkazi, wobadwira komweko, ali m'chaka chachinayi cha maphunziro a udokotala, ndipo sukulu yake imapatsa ophunzira masabata 6 oti akagwire ntchito yongodzipereka pachipatala cha dziko lina. Iye wasankha Malawi, kwawo kwa makolo, kumene anangofikako kawiri ali wamng'ono. Anzake amuuza kuti kuno adzamulola kuchita chilichonse, ngakhale opaleshoni, poti madokotala ndi ochepa. Mayiwo akufunsa zitatu: kodi apite, kodi akathandizadi kapena akangolemetsa anthu otopa kale, nanga anyamule chiyani.

Mayi, mwanayo abwere. Ine ndinagwira ntchito ya clinical officer zaka zambiri pachipatala china cha mishoni cha kumudzi, ndipo alendo otere ndinalandira ambiri, ena mpaka lero timalemberana. Koma mawu amene anzakewo amuuza andivutitsa mumtima kuyambira tsiku lomwe ndinawawerenga, chifukwa ndi oona, ndipo ndikudziwa kuti ndi oona poti ine ndemwe ndinachitapo zimenezo.

Unali usiku wa mwezi wa February, wodi ya ana itadzaza mpaka ena awiriawiri pabedi. Ndinali nditangotuluka ku fiyeta komwe ndinachita maopaleshoni awiri a amayi oyembekezera, miyendo ikunjenjemera. Namwino anandiitana kuti kwabwera kamnyamata ka zaka 3 kotentha thupi, khosi louma. Panafunika kutenga madzi a pamsana kuti tione ngati anali matenda oumitsa khosi. Pambali panga panali mnyamata wophunzira wochokera ku Ulaya, waulemu, wakhama, amene anali atakhala nafe masabata awiri. Ndinamufunsa ngati anachitapo. Anati pa chidole cha kusukulu. Ndinati chita, ine ndikugwirira mwana. Analasa koyamba, osapeza. Kachiwiri, magazi. Kachitatu mwana anali atasiya kulira, akungobuula, ndipo ndinamulanda singano n'kumaliza ndekha. Potuluka, mayi wa mwanayo anagwada pakhomo n'kunena kwa mnyamata uja kuti, "Zikomo adokotala." Mwanayo anachira. Koma mayi uja sanadziwe, ndipo sadzadziwa, kuti msana wa mwana wake ndi umene unali poyambira kuphunzira pa munthu amene kwawo sakanaloledwa kuchita zimenezo popanda kuuza kholo kuti iye ndi wophunzira. Wolakwa ndinali ine. Ndinatopa, ndinafuna kuti mlendo asangalale, ndipo sindinafunse mayiyo chifukwa ndinkadziwa kuti sakana.

Nkhani yonse yagona pa kusakana kumeneku. Odwala athu, makamaka kumudzi, sakana munthu wovala gauni yoyera. Sangafunse kuti kodi inu munamaliza sukulu. Mwana wanu akadzangolowa mu wodi ndi kachipangizo komvera mtima pakhosi, Chingelezi chili pakamwa, adzakhala adokotala tsiku lomwelo, ndipo ena adzamusankha iye kusiya clinical officer amene wachita maopaleshoni mazana. Choncho mpanda woteteza wodwala uyenera kukhala mumtima mwa mwana wanuyo. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: chimene saloledwa kuchita yekha ku Leeds asachite yekha kuno, ngakhale atamuuza kuti chita. General Medical Council, bungwe loyang'anira madokotala ku Britain, imanena zomwezo kwa ophunzira ake, kuti asapyole zimene anaphunzitsidwa kulikonse kumene ali. Aphunzire kunena kuti, "Ine ndine wophunzira, sindinafike pa udokotala," m'Chichewa, ndipo azinena kwa wodwala aliyense asanamukhudze.

Wina anganene kuti kodi thandizo lochepa silikuposa kusowa thandizo? Ku Jinja m'dziko la Uganda, mtsikana wa ku America dzina lake Renee Bach, wopanda maphunziro aliwonse a zachipatala, anatsegula malo osamalirapo ana onyentchera. Pakati pa 2010 ndi 2015 ana 105 anamwalira pamalopo, boma linatseka malowo mu 2015, ndipo mlandu umene amayi awiri anakasuma unatha mu 2020 pogwirizana kunja kwa khoti. Makolo ankatengera ana awo kumeneko poganiza kuti ndi chipatala. Mwana wanu sali ngati ameneyo, iye akuphunzira ndipo adzakhala pansi pa anthu odziwa. Koma maganizo amene anabala zimenezo ndi omwewo akuti kumene kulibe, chilichonse ndi chabwino.

Komanso si zoona kuti kuno kulibe anthu odziwa ntchito. Ochepa inde, otopa inde. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. M'zipatala za m'maboma ndi za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ma clinical officer, ma medical assistant, anamwino ndi azamba. Mzamba wa zaka 15 pantchito amadziwa ndi manja ake zimene mwana wanu adzazidziwa atakalamba. Njira ya ETAT, yosankhira msanga ana odwalitsitsa pamzere kuti asafere pabenchi, inakulira pa Queen Elizabeth Central Hospital m'manja mwa Professor Elizabeth Molyneux ndi anzake, kenako WHO inaifalitsa m'mayiko ambiri. Muyeso woonera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a m'mutu umatchedwa Blantyre Coma Score dziko lonse lapansi, unasindikizidwa mu 1989 ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anapangidwa ndi a Rice University mogwirizana ndi ogwira ntchito pa Queens pomwepo. Mwana wanu akubwera kusukulu, ndipo ndi sukulu yabwino.

Taonani kuti alendo amene anagwira ntchito zimenezi, monga a Molyneux ndi Dr Taylor, ali ndi chinthu chimodzi chofanana. Anakhalitsa, kapena ankabwerabwera. Dr Taylor anayamba kufika ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980 ndipo ankabwera nyengo ya malungo chaka ndi chaka. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndimavomereza, koma anatinso mlendo ndi mame. Pa masabata 6, awiri oyamba amathera pa kuphunzira kumene kuli labotale, amene amasunga kiyi wa famase, ndi chifukwa chake magazi sabwera Lamlungu. Ndiye kunena zoona, Mayi, pa ulendo uno mwana wanu adzatenga zambiri kuposa zimene adzasiye. Palibe chochititsa manyazi pamenepo ngati iye akudziwa ndipo akuthokoza. Phindu la Malawi lidzaoneka ngati adzabwerenso atamaliza, ali ndi luso lenileni, kumalo komweko, kwa anthu omwewo.

Si kuti palibe chimene angachite panopa. Ndikukumbukira mtsikana wina, nayenso wophunzira, amene sabata yoyamba sanagwire kanthu, ankangoyang'ana. Kenako anapita kwa asisitala oyang'anira chipinda cha makanda n'kufunsa ntchito imene imasowa wochita. Anamuuza kuti usiku namwino amakhala mmodzi, makanda ambirimbiri, ndipo kuyeza kutentha kwa thupi kumadumphidwa. Mtsikanayo anatenga themometa, wotchi ndi kope. Maola angapo alionse ankazungulira, kuyeza, kuwerenga mpweya, kulemba, ndipo akaona chachilendo ankadzutsa namwino, osachita yekha. Usiku wina anapeza khanda lobadwa masiku osakwana litazizira ngati mwala wa padambo, mayi ake atagona tulo tofa nato pansi. Namwino analiika pachifuwa cha mayiyo, n'kulimanga ndi chitenje monga timachitira pa kangaroo, ndipo pofika mbandakucha linali litafunda n'kuyamba kuyamwa. Ntchito yopanda chithunzi chokongola, koma asisitala aja anamutchulabe kwa zaka.

Chichewa achiphunzire kuyambira lero, inu ndinu mphunzitsi wake woyamba. Moni yekha sakwanira. Adziwe kuti wodwala akati "malungo" nthawi zambiri akutanthauza kutentha ndi kuphwanya kwa thupi, osati kuti wayezetsa. Adziwe kuti akafunsa kuti muli bwanji, munthu n'kuyankha kuti "pang'ono," ameneyo sali bwino. Adziwe kuti "eya" wa gogo wogona pabedi kawirikawiri ndi ulemu chabe, kumva sanamve. Afunse mofatsa za mankhwala achikuda, osadzudzula, apo ayi adzamubisira, ndipo kwa mayi woyembekezera amene wamwa mankhwala ofulumizitsa kubereka, kubisa kumeneko kungathe kung'amba chiberekero. Awerenge kabuku ka kuchipatala kamene wodwala aliyense amayenda nako, poti mbiri yonse ili mmenemo. Ndipo alemekeze magadiyani. Ku Leeds wodwala amasambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi ogwira ntchito, kuno ndi mlongo, mpongozi kapena agogo amene akugona pa simenti n'kumaphika kuseri. Gadiyani ndi amene amadziwa ngati wodwala wakodza, wadya kapena wasanza usiku.

Za mapepala ndi zachidule. Alembere yekha chipatala chimene akufuna, kwa mkulu woyang'anira zachipatala, miyezi ingapo isanakwane nthawi, ndipo afunse dzina la amene adzamuyang'anire tsiku ndi tsiku. Chipatalacho chimuthandize zolembetsa ku Medical Council of Malawi. Akanakhala namwino, bwenzi kuli ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Zipatala zambiri zimalipiritsa ophunzira ochokera kunja, ndipo alipire mosanyinyirika chifukwa nthawi yomuphunzitsa ikuchotsedwa kwa odwala. Ndingakonde ndalamayo ilowe m'thumba la chipatala mwachindunji, kusiyana ndi kudzera m'makampani ogulitsa maulendo otere, amene amadya gawo lalikulu iwo.

Zonyamula ndiye pamene anthu abwino mtima amalakwitsa kwambiri. Kuseri kwa famase yathu kunali kachipinda kamene tinkakatcha manda a makina. Munali makina a mpweya ochokera ku America amene anapsa tsiku loyamba chifukwa anali a magetsi a 110V pamene athu ndi 230V, makina oyezera shuga opanda timapepala take, ndi makatoni a mankhwala amene anafika atatsala mwezi umodzi kuti athe mphamvu. Kuwotcha mankhwala amenewo kunatidyera ndalama. Malangizo a WHO amati mankhwala opereka akhale atatsala ndi chaka chathunthu pofika m'dziko, ndipo kuno kulowetsa mankhwala kumafuna chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Safunsa anadya phula: alembere a matron n'kufunsa chimene chikusowa mwezi umenewo. Kawirikawiri yankho limakhala tinthu ting'onoting'ono, monga kachipangizo koyezera mpweya m'magazi ka pachala, makamaka ka ana, mathemometa, makina a BP okhala ndi lamba wa mikono ing'onoing'ono, matochi a pamutu a nthawi imene magetsi azima. Ubwino wake mapulagi a ku Britain ndi ofanana ndi athu. Ngati achibale ndi a kutchalitchi asonkha ndalama, zinthu zambiri zimagulika ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo chipatala chimadziwa kogula.

Tsopano za thupi la mwana wanuyo, ndipo apa ndikulankhula ngati kholo linzanu. Magazi ndi a Chimalawi koma chitetezo cha malungo alibe ngakhale pang'ono. Ngakhale inu amene munakulira kuno chinakutherani kalekale. Amwe mankhwala oteteza, kaya doxycycline kaya Malarone monga dokotala wake angamulembere, agone mu neti, ndipo akadzatentha thupi atabwerera ku Leeds anene msanga kuti anali ku Malawi. Katemera wa hepatitis B akhale wokwanira. Asanagwire singano iliyonse adziwe kumene kuli mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, chifukwa akadzibaya ndi singano ya wodwala ayenera kuyamba mwamsanga, maola 72 asanadutse, n'kumwa masiku 28. TB ili m'mawodi, avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno choyenera. Akakasambira kunyanja, poti adzapita ndithu, akayezetse likodzo patapita miyezi itatu.

Chimene sindingamupezere mankhwala ndi imfa za ana. Adzaona mwana akumwalira ndi matenda amene ku Leeds akanachira, mwina chifukwa magazi anachedwa kapena silinda ya mpweya inatha. Adzaona namwino akuphimba mwanayo ndi chitenje n'kupita pabedi lotsatira osagwetsa msozi, ndipo angaganize kuti ndi ouma mtima. Mumuuze kuti namwino ameneyo amakalira kunyumba, ndipo ena 40 akumudikira. Asadzudzule pagulu, asalembe pa Facebook. Chithunzi cha wodwala asajambule, ngakhale mayi atavomera, pa chifukwa chomwe chija, kuti pano anthu sakana. Akhale ndi munthu womuimbira foni madzulo, ndipo bwino akhale inu.

Mwanena kuti agogo ake akadali moyo kumudzi. Ngati n'kotheka afike sabata imodzi ntchito isanayambe, akakhale nawo, atunge madzi, adye nsima ya mgaiwa, ndipo tsiku lina awaperekeze kuchipatala chaching'ono cha kwanuko wapansi, akhale nawo pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzina lawo litaitanidwa. Chipatala chikamuyankha mundilemberenso, ndimutumizire mawu a m'wodi oti muziyeserera naye kukhitchini.