Masiku atatu ku Saint Petersburg m'nyengo imene kunja sikuda

Kalata imene yandifika sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene akuphunzira zaudokotala ku Kazan, m'dziko la Russia. Akuti ali ndi masiku atatu okha kumapeto kwa June, ndipo akufunsa njira yoonera, ku Saint Petersburg, nyumba ya zinthu zakale ya Hermitage, nyumba yachifumu ya Peterhof, chipinda cha Amber (chokutidwa ndi utomoni wouma wowala ngati golide), gule wa kunyumba ya zisudzo ya Mariinsky ndi chikondwerero cha Alye Parusa popanda kuphonyapo kanthu. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa mndandanda wanuwu ndi womwewo umene ndinalemba pakapepala pamene ndinkapita kumeneko ulendo woyamba.

Ndinafika pa sitima ya Sapsan, imene imayenda pafupifupi maola anayi kuchokera ku Moscow, ndipo nditangosiya katundu ndinathamangira ku Hermitage. Nyumba yosungiramo zinthu zakaleyi inayambika mu 1764, m'nthawi ya mfumukazi Catherine the Great, ndipo imasunga zinthu pafupifupi 3 miliyoni. Ndinayendamo tsiku lonse, foni ili m'manja, ndikujambula chipinda ndi chipinda, mpaka mapazi anatupa. Madzulo nditakhala pansi kuti ndione zithunzizo, ndinapeza kuti panalibe chojambula nchimodzi chomwe chimene ndinachiyang'anitsitsa, ndipo mtima unandiwawa chifukwa ndalama ya ulendowo ndinaisunga kwa chaka chathunthu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinalibe kudekha tsiku limenelo.

Usiku womwewo ndinapita m'mbali mwa mtsinje wa Neva kukaona milatho ikutukulidwa kuti zombo zidutse. Mzindawu uli kumpoto kwenikweni kwa dziko, choncho kumapeto kwa June dzuwa limalowa nthawi itapitirira 10 koloko usiku, ndipo likalowa kumangokhala kachisisira mpaka litulukenso. Kuwalako kunandisokoneza, moti sindinazindikire kuti nthawi yatha, ndipo mlatho wa Palace Bridge utatukulidwa ndinali tsidya lino pamene malo anga ogona anali pachilumba cha Vasilyevsky. Ndinadikira mpaka m'bandakucha.

Nditafika ndinapeza agogo amene ndinachita lendi chipinda m'nyumba mwawo ali maso, ndipo anandiphikira tiyi osandikalipira. Anandifunsa zimene ndaona, ine n'kuwatchulira mndandanda wanga wonse, iwo akungogwedeza mutu. Kenaka anandifunsa ngati ndikaonenso manda a Piskaryovskoye, dzina limene ndinali ndisanalimvepo. Ndinaona kuti pamene ankandifotokozera, ankatolera tinyenyeswa ta buledi patebulo ndi chala n'kumatidya. Amayi awo anali m'gulu la anthu amene anatsekeredwa mumzindawu, pamene unkatchedwa Leningrad, asilikali a Germany atauzinga pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira pa 8 September 1941 mpaka pa 27 January 1944, masiku 872. Kumapeto kwa 1941 ana ndi anthu osagwira ntchito ankalandira magalamu 125 a buledi patsiku, ndipo chakudya chochepa chimene chinkalowa mumzinda chinkadzera pamwamba pa madzi oundana a nyanja ya Ladoga.

Tsiku lachiwiri ndinayenera kupita ku Peterhof, koma ndinapita kumanda. Kumeneko kuli mitumbira italiitali yomera udzu, ndipo pamwala wa mtumbira uliwonse sanalembepo maina koma chaka, monga 1941 kapena 1942. Anthu wamba pafupifupi 420,000 ndi asilikali 50,000 anaikidwa pamalo amenewa. Pamiyala ina anthu anasiyapo zidutswa za buledi ndi maswiti, ndipo ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene ndinaima pa chilichonse ku Hermitage.

Kuchokera tsiku limenelo maso anga anatseguka, ndipo ndikunena mosapsatira mawu kuti munthu amene waona nyumba zagolide za Saint Petersburg osamva za masiku 872 aja waona utoto wa pakhoma chabe. Chinthu chilichonse chimene mwalemba pamndandanda wanu chili ndi chipsera cha nkhondo imeneyo. Zinthu zoposa 1 miliyoni za ku Hermitage zinathawitsidwa pa sitima kupita ku Sverdlovsk, mafelemu opanda zithunzi n'kutsala pamakoma, antchito akukhala m'zipinda zapansi. Peterhof inalandidwa n'kusanduka bwinja, ndipo chiboliboli cha Samson chimene mudzachione pakati pa akasupe chinapangidwanso mu 1947 chifukwa choyambacho chinatengedwa. Chipinda cha Amber cha m'nyumba yachifumu ya ku Tsarskoye Selo chinaphwasulidwa mu 1941 n'kutengeredwa ku Königsberg, kumene chinasowa mpaka lero, ndipo chimene alendo amachiona ndi chomangidwanso chimene chinamalizidwa mu 2003. Pa nsanamira za tchalitchi cha Saint Isaac zipsera za mabomba anazisiya dala, ndipo pa nyumba nambala 14 mumsewu wa Nevsky Prospekt pakadali chikwangwani chochenjeza anthu kuti mbali imeneyo ya msewu ndi yoopsa kwambiri mizinga ikamaombedwa. Maulendo ambiri okonzedwera alendo amadutsa pa zimenezi mothamanga kuti gulu lifike msanga pojambulira zithunzi, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kuulakwira mzindawu pamodzi ndi mlendo amene walipira.

Ngakhale nyimbo zimene mukufuna kukamvera zili ndi mbiri yomweyo. Pa 9 August 1942, mzinda udakali wozingidwa, oimba ofooka motsogozedwa ndi Karl Eliasberg anaimba simfoni (nyimbo yaitali ya gulu la zoimbira) yachisanu ndi chiwiri ya Dmitri Shostakovich muholo ya Philharmonia, ndipo inaulutsidwa pa wailesi ndi pa zokuzira mawu mumzinda wonse. Anthu a kumeneko akamadzaza maholo nthawi ya chikondwerero cha Stars of the White Nights, chimene Valery Gergiev anachiyambitsa ku Mariinsky mu 1993, amakhala akupitiriza mwambo umene makolo awo anakana kuusiya ngakhale pamene analibe chakudya.

Za Alye Parusa

Dzinali likutanthauza matanga ofiira, ndipo chikondwererochi n'cha ana amene amaliza sukulu ya sekondale. Chinayamba mu 1968, chinaima kwa zaka zambiri, kenaka chinayambiranso mu 2005. Chimachitika usiku umodzi wokha chakumapeto kwa June, pamene chombo cha matanga ofiira chimadutsa pa Neva, nyimbo zikulira ndiponso makombola akuwala kumwamba. Ine ndinachionera chapatali usiku wanga womaliza, ndili pakati pa makolo amene ankafunafuna ana awo m'chikhamu, ndipo ndinagwetsa misozi poganizira maswiti aja a pamiyala ya kumanda. Mzinda umene unaika ana ake ambirimbiri m'manda opanda maina tsopano umatseka misewu usiku wonse kuti usangalalire ana amene akula. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi alendo amene amadandaula kuti bwalo la Palace Square limasungidwira ophunzirawo ndi oitanidwa okha. Phwandolo lili ndi eni ake, ndipo mlendo wodziwa mwambo amaima kumbuyo mokondwa.

Pa masiku anu atatuwo, achemwali, kumbukirani kuti mapanga awiri avumbwitsa, choncho sankhani chimodzi pakati pa Peterhof ndi Tsarskoye Selo. Ine ndingasankhe Peterhof, chifukwa akasupe ake amathovoka popanda mapampu, madzi akungotsika kuchokera kumtunda, ndipo mungapiteko pa boti lothamanga lotchedwa Meteor kuchokera pa Neva. Hermitage satsegula Lolemba, ndipo mukalowamo sankhani zipinda zochepa n'kukhalamo maola atatu. Matikiti a ku Mariinsky muguliretu pa intaneti milungu ingapo isanakwane nthawi, chitupa cha sukulu muyende nacho chifukwa malo ambiri amachotsera mtengo ophunzira, ndipo muonetsetse tsiku la Alye Parusa musanagule tikiti ya sitima. Usiku muzikhala tsidya limene mukugona 1 koloko isanakwane. M'mawa wa tsiku loyamba, musanaone china chilichonse, kwerani metro (sitima ya pansi pa nthaka) mpaka pa siteshoni ya Ploshchad Muzhestva, pamenepo mukwere basi ya ku Piskaryovskoye, ndipo m'chikwama mutengemo chidutswa cha buledi wakuda.