Kamodemu kakuoneka ngati CD pa laputopu ya Linux

Funso: Ndine mphunzitsi kuno ku Vubwi. Laputopu yanga inkachedwa kwambiri, ndiye mphwanga anachotsa Windows n'kuikamo Linux Mint. Pano ikuthamanga, koma kamodemu kanga ka Huawei kobaya pa USB kakukana. Ndikakabaya nyali imayaka, pa sikirini pamabwera chithunzi cha CD, intaneti osatuluka. Kodi kafa, ndigule kena?

Yankho: Aphunzitsi, ndalamayo isungeni, kamodemuko kali moyo. Chithunzi cha CD mukuchionacho ndiye umboni wake.

Timamodemu ta Huawei ndi ZTE timabisa nkhope. Mukangokabaya kamadzionetsa ngati CD yonyamula pulogalamu ya Windows. Pa Windows pulogalamuyo imadziika yokha, kenako imauza kamodemu kuti kavule chigoba kayambe ntchito yake. Linux sawerenga mafayilo a .exe, ndiye kamodemu kamangokhala podikira mawu amene sakubwera. Mawuwo pa Linux amaperekedwa ndi kapulogalamu kotchedwa usb-modeswitch. Mint ndi Ubuntu (mtundu wina wa Linux) amabwera nako kale, koma nthawi zina kamaphonya.

Yambani ndi zosavuta. Dinani chithunzi cha CD chija ndi batani lakumanja, musankhe Eject, mudikire theka la mphindi. Timamodemu tina, makamaka ta ZTE, timatembenuka pomwepo. Zikakanika tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, mulembe lsusb kuti muone mndandanda wa zobayidwa pa USB. Pamzere wa Huawei muona nambala yoyamba ndi 12d1 (ZTE ndi 19d2). Ngati pali 12d1:1446 kapena 12d1:1f01, ndiye kuti kakadali CD. Lembani izi:

sudo usb_modeswitch -v 12d1 -p 1f01 -J

M'malo mwa 1f01 muike nambala imene mwaona inuyo. Mukalembanso lsusb, nambala yachiwiri ija ikhala itasintha. Makina akanena kuti pulogalamuyo palibe, lumikizani foni ndi chingwe, muyatse USB tethering, mubwereke intaneti ya foni n'kulemba sudo apt install usb-modeswitch modemmanager. Inde, pamafunika intaneti kuti mukonze intaneti. Makasitomala anga pano pa Down Shops ku Chipata amaseka ndikawauza zimenezi.

Simunanene mtundu wa kamodemu kanu, choncho vundukulani chivindikiro muwerenge pamene pamalowa SIM. E3372 ya mtundu wotchedwa HiLink ilibe matatalazi: ikatembenuka, laputopu imaiona ngati waya wa netiweki, ndipo zonse mumakonzera mu Firefox polemba 192.168.8.1. Zakale monga E173 zimafuna kuti mupange nokha Mobile Broadband pa Network Connections, musankhe Zambia, kampani ya SIM yanu, ndi APN, dzina lolowera pa intaneti ya kampaniyo. Pa MTN ndi Airtel mawu ake ndi internet, nambala yoimba ndi *99#. SIM ikhale yopanda PIN. Ichotsereni m'foni musanaibweze.

Kamodemu kolembedwa dzina la kampani imodzi kawirikawiri kamakhala kokhoma, sikalandira SIM ya kampani ina. Pamenepo Linux alibe mlandu.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri n'cha kwanuko. Vubwi ili m'malire, ngati mmene ilili Mwami kuno. Nsanja za mafoni za ku Malawi nthawi zina zimamveka mwamphamvu kuposa zathu, ndipo kamodemu kakasiyidwa kuti kazisankha kokha kangathe kukakamira TNM kapena Airtel ya tsidya lija. Bandulo yanu ya ku Zambia sigwira kumeneko, ndiye mwina intaneti imangoduka, mwina talktime imatha inu muli phee. Pamene mwalemba APN pali kabokosi kakuti Allow roaming; kachotseni chizindikiro. Pa HiLink kali pa tsamba lomwe lija.

Intaneti ikamadukaduka, musathamangire kuimba mlandu netiweki. Kamodemu kamadya magetsi ambiri, ndipo madoko a USB a malaputopu okalamba amafooka, makamaka magetsi akazima mukuyendera batire. Yesani doko lina, pewani timahabu totchipa. Ine ndimakonda chingwe chachifupi chotalikitsira USB, kamodemu n'kukapachika pawindo loyang'ana kunsanja. Ngati kamodemu si ka HiLink, kuti muziona bandulo yotsala osazula SIM, ikani pulogalamu ya Modem Manager GUI. Ili ndi malo olembapo manambala oyamba ndi nyenyezi (*) aja oonera bandulo. Ma update a Mint muziwasungira tsiku lobwera ku Chipata kumene kuli Wi-Fi, chifukwa oyambirira amatha kumeza bandulo ya sabata yonse.