Tikiti musang'ambe asananene kuti all clear

Achimwene amene mwadandaula m'gulu muno kuti akuberani pa mpikisano wa mahatchi, sanakubereni. Ndikudziwa mmene zimawawira kuona hatchi yanu ikudutsa mzere yoyamba kenaka pa bolodi n'kuilemba yachiwiri, koma awa akukuuzani muno kuti pitani mukachite phokoso pa kauntala angokutayitsani nthawi. Kunali objection, dandaulo lakuti hatchi yowinayo inapinga inzake. Ikavomerezedwa manambala amasintha, ndipo ndalama zimatsata manambala omalizawo, amene amawatsimikiza polengeza kuti all clear, osati zimene maso anu anaona. Ine nkhani imeneyi ikangotchulidwa m'mimba mumanditentha, chifukwa lamulo lomweli linandipatsa ndalama ine, koma munthu, M'malawi mnzanga wodya naye m'mbale imodzi, n'kundilanda.

Inali July ya 2014, mpikisano waukulu wa mahatchi wa Durban July, Loweruka pa 5 July. Amene mwakhalitsa ku Durban kuno mukuikumbukira. Tinali anyamata a kumudzi okhaokha, ena a m'magaladeni, ena otsuka magalimoto, ine nthawi imeneyo ndikunyamula katundu mu shopu ina m'tauni. Tinasonkha R2,000, ine ndinaponyapo R500, ndipo tinagwirizana hatchi imodzi yokha, Legislate, win basi, kubetcha kuti ifika yoyamba. Sitinalote ayi. Anali wa zaka zitatu, wa m'khola la Justin Snaith, womukwera Richard Fourie, ndipo anali atangowina kumene mpikisano wa Daily News 2000 milungu ingapo m'mbuyomo. Ine ndinali nditawerengera kale kuti gawo langa likatuluka likupita ku Mangochi, mayi akafolere malata mbali ya nyumba imene inkadontha.

Tonse m'mawa wa Loweruka tinali pa ntchito, ndiye ndalama tinapatsa mkulu wina amene anali pa ofu. Ndi amene anatiphunzitsa tonse zamahatchi, anakhalitsa kuno, ankadziwa kuwerenga kabuku ka mipikisano, komanso TV ndi masipika zinali zake. Madzulo tinasonkhana kuseri kwa nyumba imene ankachita lendi, mbaula ikuyaka, nyama ili pamoto. Gqom nthawi imeneyo inali ikungoyamba kugwedeza Durban, ndiye iye ankasakaniza ndi nyimbo za kumudzi, phokoso lake pansi kuchita kunjenjemera. TV inali yongoonera zithunzi, mawu ake atatsitsiratu.

Mamita 2200 aja amatha m'mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa, koma ine tsiku limenelo ndinawamva m'mawondo. Atakhota kona yomaliza ya bwalo la Greyville tonse tinali chiimire. Legislate uyo, Wylie Hall uyo, phewa ndi phewa, akugundana, wina osafuna kusiyira mnzake. Tinkakuwa mpaka mawu kusasa. Pa mzere Wylie Hall anatsogoza mutu pang'ono chabe. Kunagwa zii. Mnyamata wina wa ku Nkhata Bay anangokhala pansi pa fumbi, manja kumutu. Pamenepo mkulu uja anadzuka, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa tikiti, n'kuikweza m'mwamba kuti tonse tione, n'kuing'amba pawiri, n'kuiponya pa mbaula. Akuti zapita izi anyamata, mwamuna salira, tiyeni tivine. N'kupita pa sipika, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto.

Ku bwalo nthawi imeneyo hutala yolengeza objection inali italira kale. Ife sitinamve kanthu. Anali mwana wa eni nyumba, kamnyamata ka pulayimale, amene anabwera kudzandikoka malaya n'kuloza TV kuti amalume, alemba chiyani apo? Kuyang'ana, objection. Ndinazimitsa nyimbo ndekha, ndinachita kuzula chingwe kukhoma. Tinadikira nthawi yaitali ndithu, akubwereza kanema wa kutsogolo uja kambirimbiri, ife osapuma bwino. Kenaka manambala anatembenuka. Legislate woyamba, Wylie Hall wachiwiri. Abale anga, tinadumpha, tinakumbatirana, wina anagwetsa poto wa nsima, ine ndinali nditatulutsa kale foni kuti ndiimbire mayi. Ndiye mmodzimmodzi tinayamba kutembenukira ku mbaula kuja.

Mkulu uja anagwada pansi. Analira misozi yeniyeni, mamina kuchita kutuluka. Ndawotcha abale anga, ndakupwetekani, ndikhululukireni. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti tinamutonthoza. Ine ndi manja angawa ndinamudzutsa, ndikumuuza kuti achimwene musadziimbe mlandu, tonse tinaona ngati taluza. Tinapalasa phulusa ndi ndodo kufuna mwina kachidutswa kokhala ndi nambala. Usiku umenewo ndinayenda wapansi kubwerera kumene ndinkakhala chifukwa ngakhale ya takisi ndinalibe, m'mutu muli malata okhaokha.

Mwezi usanathe munthu uja anagula masipika atsopano. Kenaka tinamva kuti watumiza firiji ndi njinga kumudzi pa malole onyamula katundu aja. Munthu amene lendi ankachita kukongola kwa ife! Choona chinatuluka atayambana ndi mayi amene ankakhala naye. Mayiyo anabwera yekha kudzatiuza kuti tikiti yopsa ija inali ya mpikisano wina wa masana umene unali utaluza kale, yathu inali m'sokosi, ndipo m'mawa mwake anakatenga ndalama zonse. Taganizani bwino pamenepa. Sikuti anasokoneza matikiti. Iye anaona kugundana kuja, anakhala zaka akuonera mahatchi, anadziwa kuti pakhoza kubwera objection, ife mbuli sitikudziwa. M'masekondi ochepa omwewo, ife tikulira, iye mutu unali ukugwira ntchito yotibera. Voliyumu ija anakwezera dala. Misozi ija inali ya dala.

Kupolisi tikanapita ndi chiyani? Ambiri mwa ife mapepala anali atatha, ndipo iye ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake anatisankha ife. Komanso tikiti ya pa kauntala ilibe dzina, mwini wake ndi amene waigwira m'manja. Tinakatula nkhani kwa akuluakulu a kwathu okhala kuno, anatiitana tonse, iye n'kungoti umboni uli kuti, mawu a mkazi wokwiya ndiye umboni? Akuluakulu aja akuti khululukiranani, muli kwa eni kuno, musachititse manyazi dziko. Manyazi ake ati? Wakuba ndi amene akuchititsa manyazi, osati woberedwa. Anapita osabweza ngakhale R10. Mpaka lero amavala jekete Lamlungu n'kumakhala kutsogolo, ndipo mwina ali m'gulu lomwe lino akuwerenga. Ngati mukuwerenga, mayi anga mvula ya chaka chimenecho anaigonera m'nyumba yodontha, ndipo ine sindinaiwale.

Ndiye achimwene, zanuzo n'zowawa koma n'zoyera. Lamulo lake limayenda chonchi. Wokwera hatchi, mphunzitsi wake, mwini wake, ngakhalenso ma stipe okha, oyang'anira malamulo a mpikisano, akhoza kudandaula. Oweruza amakhala pansi n'kuonera kanema wa mbali zonse, makamaka wa kutsogolo amene ife pa TV sitiona mpikisano uli mkati. Funso lawo si lakuti kodi anagundana, chifukwa mahatchi amagundana tsiku lililonse. Funso n'lakuti, pakanapanda kugundako, kodi wogundidwayo akanamaliza patsogolo pa mnzakeyo? Akakhutira kuti inde, amawasinthanitsa. N'chifukwa chake hatchi yowina ndi mtunda wautali kawirikawiri saitsitsa ngakhale itapinga mnzake, koma ikakhala nkhani ya mutu kapena mphuno, gwirani mtima. Ndipo si zachilendo ngakhale pa July penipeni: 1975 anamutsitsa Gatecrasher n'kupatsa Principal Boy, 1994 anamutsitsa Surfing Home n'kupatsa Space Walk. Amene anabetcha Wylie Hall mpaka lero amatsutsa, ndipo ndimawamvetsa, koma pa kauntala salipira mkangano. Okwera aja amayeneranso kukwera sikelo akatsika. Zonsezi zikatha m'pamene amalengeza all clear, ndipo mawu amenewo asanamveke palibe wawina, palibe waluza.

Poti tayamba, ndiyankhiretu awo amafunsa za hatchi yochotsedwa. Ikachotsedwa mpikisano usanayambe, ndalama ya win kapena ya place (kubetcha kuti ifika m'malo oyambirira) amakubwezerani. Koma mu Jackpot ndi Pick 6 (kulosera owina mipikisano inayi kapena isanu ndi umodzi) ya tote, kumene ndalama za obetcha onse zimaikidwa pamodzi n'kugawira owina, sakubwezerani, amakuikirani favourite ya tote, hatchi imene yabetcheredwa ndalama zambiri, m'malo mwake, ndiye tikiti imene mukuiyesa yakufa ikhoza kukhala yamoyo. Mukabetcha pa mtengo wokhazikika kwa bookmaker, wolandira mabetcha pa mtengo wake, hatchi ina ikachotsedwa mochedwa amadulako pa ndalama zanu, si kuba, zinalembedwa. Mahatchi awiri akafika pa mzere limodzi, ngati Pocket Power ndi Dancer's Daughter mu 2008, mumalandira koma zochepa chifukwa zimagawidwa. Zonsezi ndinaziphunzira pambuyo, ndi mkwiyo, kuti munthu wina asadzandiimirenso kutsogolo ngati wodziwa yekha.

Achemwali amene mukusonkhanitsa m'gulu muno mayina a nyimbo za pa July ya chaka chino, pepani ndalowerera, koma mverani. Ikani zonse, amapiano, gqom, za kumudzi zija zimatikumbutsa kwathu, July yopanda nyimbo ndi maliro. Koma mahatchi akangoyamba kulowa m'mageti, DJ achotse dzanja, TV ilankhule, ndipo nyimbo isabwerere mpaka all clear. Munthu amene akuthamangira kukweza voliyumu mpikisano utangotha, muyang'anitsitseni m'manja.

Malangizo anga ndi awa. Ndalama zanu musapatse munthu, kaya ndi wa mudzi umodzi, kaya mumapemphera limodzi, kaya ndi mlamu wanu. Pitani nokha, gulani nokha, sungani nokha, ndipo tikiti yoluza isungeni mpaka mawa. Kunena zoona, ngati ndalamayo ili ndi ntchito kumudzi, musaiyandikitse n'komwe ku mahatchi, tumizani tsiku lomwelo mwalandira, chifukwa tote imayamba yatapako gawo lake isanagawire owina, ndipo pa nthawi yaitali ambirife timadyedwa. Zoti pali munthu ali ndi nambala za mkati, amene amakutumizirani uthenga kuti mulipire kaye, amenewo ndi abale ake a mkulu uja.

Komabe munthu mmodzi ndi malipiro athuwa simungaphimbe Quartet ya July, kulosera mahatchi anayi oyamba m'ndondomeko yake, mahatchi ake ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi mwayi. Pick 6 ndiye musanene. Pamafunika kusonkha basi, anthu asanu kapena khumi, kuti perm, kuphatikiza mahatchi ambiri pa tikiti imodzi, ikhale yotambasuka. Chofunika n'chakuti tikiti ikangotuluka m'makina ijambulidwe, chithunzi chiponyedwe pa gulu la WhatsApp nambala zonse zikuoneka, mayina ndi ndalama za aliyense zilembedwe mpikisano usanayambe, ndipo pokatenga ndalama muzipita awiri. Ife chaka chino tikusonkhanso, R200 munthu aliyense, Quartet ndi Swinger imodzi, ija yolosera mahatchi awiri amene afike m'malo atatu oyamba. Malo atsala ochepa. Amene mukufuna ndipezeni ku inbox lisanafike Lachisanu, tikiti ndisunga ine.