Mtsikana amene ankanyamula makoni

A kaputeni, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti kalabu yanu ya pa yunivesite ya ultimate frisbee, masewera a matimu awiri oponyerana disiki ya pulasitiki, ili ndi mphoto ya wosewera bwino ndi ya wogoletsa kwambiri, nanga ogwira ntchito zosaoneka aja muwathokoze bwanji. Mwandikanda pachilonda.

Ndili chaka chachitatu, m'timu yathu munali mtsikana wina amene kaponyedwe ka disiki kotchedwa forehand kankamukanika. Akaponya, disiki inkapendama n'kumagubuduka pa udzu. Pa masewero aakulu ankalowa kawiri kapena katatu basi. Koma tikafika pabwalo m'mamawa, mame asanaume, tinkapeza makoni asanu ndi atatu osonyeza malire a bwalo ali kale m'malo mwake. Bwalo la mamita 100 m'litali ndi 37 m'lifupi ankaliyeza ndi mapazi, poti chingwe choyezera tinalibe. Nsapato zake zinkakhala zitanyoweratu ife tisanamange n'komwe zingwe za zathu. Chikwama cha madisiki chinkagona pansi pa bedi lake. Disiki iliyonse anailemba nambala kunsi kwake kuti ikasowa adziwe, ndipo zokumbika m'mphepete ankazipala ndi sandipepa kuti zisaticheke zala.

Kaputeni ndinali ine. Tsiku la mphoto ndinalankhula nthawi yaitali za mnyamata amene anadziponya pansi n'kuwakha disiki yomwe inatipambanitsa. Dzina la mtsikana uja silinatuluke pakamwa panga. Anawomba nawo m'manja, kenako anatsalira n'kumasanja mipando. Temu yotsatira sanabwerenso, ndipo sanakangane ndi munthu. Sabata yachiwiri tinapeza a mpira wamiyendo ali pabwalo pa nthawi yathu. Titafunsa, anatiuza kuti fomu yosungitsira bwalo sinaperekedwe. Fomu yanji? Tonsefe sitinkadziwa kuti pali fomu. Zaka ziwiri zonse ankaidzaza yekha osauza munthu. Paja chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Tinangoima pambali, nsapato zili m'manja.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti masewerawa timawanyadira chifukwa cha ulemu. Chiyambire 1968, pamene ana a sukulu ya Columbia High School ku Maplewood, New Jersey, anawayambitsa, mwambo wake ndi wosewera popanda woyimbira. Mnzako akakulakwira umanena wekha, n'kukambirana awiri mpaka mugwirizane. Timati Spirit of the Game. Masewero akatha matimu onse awiri timakoloweka mikono m'mapewa n'kuyamikirana, ndipo m'mipikisano yambiri timapatsa ngakhale otsutsana nafe malikisi a khalidwe. Ndiye tingathokoze bwanji mlendo amene takumana naye ola limodzi, n'kusiya mnzathu amene wachapa majezi chaka chonse?

Ndipotu khungu limeneli limayambira m'bwalo momwemo. Wagwira disiki suthamanga nayo, uyenera kuponya wokutchinga asanawerenge kufika 10. Kuti upeze womuponyera, wina amayenera kuthamangira kutali dala, kukoka womulondera kuti pakati patseguke. Disikiyo saikhudza. Papepala timalemba woponya ndi wowakha, wotsegula njira uja palibe. Ku America kuli mphoto yotchedwa Callahan Award, yoperekedwa kuyambira 1996 kwa osewera a m'makoleji. Dzinalo ndi la Henry Callahan, amene anakhazikitsa masewerawa pa University of Oregon, ndipo popereka mphotoyi amayang'ana luso, khalidwe ndi utsogoleri. Ndimailemekeza. Koma mavidiyo a opikisanawo akamazungulira pa intaneti, timaona kudumpha ndi kudziponya. Munthu wolemba kalata yachisanu yopempha galimoto yopitira ku mpikisano samuika mu vidiyo.

Apa ndinene mosapsatira. Mphoto ya kamodzi pachaka ya "wotithandiza mwakachetechete" ine sindiikhulupirira ikakhala yokha. Mumamupatsa kachikho, mumawomba m'manja, mawa lake chikwama chija chabwerera pamsana pake pomwepo. Kumeneko ndi kumutseka pakamwa. Taonaninso amene amagwa m'ntchitozi. Kawirikawiri ndi atsikana, ndi aja osewera mofooka amene mumtima amamva ngati ayenera kulipira malo awo m'timu ndi thukuta lina. Katswiri sapemphedwa kutola makoni. Chifukwa chiyani? Manja ali nawo. Komanso kalabu ya pa yunivesite imasintha anthu onse zaka zitatu kapena zinayi zilizonse, choncho nzeru zonse zikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, tsiku lomaliza maphunziro amachoka nazo.

Nanga muchite chiyani?

Khalani pansi mulembe ntchito zonse, ndi zazing'ono zomwe: kusungitsa bwalo, kutolera zopereka, mabandeji, madzi, kuphunzitsa atsopano kuponya. Pambali pa iliyonse lembani dzina. Mudzadabwa dzina limodzi likubwera kangati. Gawani ntchitozo, akatswiri ayambe ndiwo. Pothokoza tchulani chinthu chenicheni chimene munthuyo anachita, sabata yomweyo, timu yonse ikumva. Mphotoyo iperekeni ndithu, koma pamodzi ndi zazikulu zija, osati anthu atayamba kunyamuka. Ndipo akafuna kalata yomuchitira umboni pofunsira ntchito, mulembereni yabwino.

Ine ndinamulembera mtsikana uja patapita zaka zinayi, kupepesa. Anayankha mwaulemu mizere itatu, n'kundifunsa ngati alipo anasoka zipi ya chikwama chija, poti anaisiya itayamba kung'ambika.