Kaboni 1 wa glucose satuluka msanga choncho

Achemwali, mwafunsa kuti shuga wa glucose akamuika carbon-14 (kaboni wa chizindikiro wotheka kumulondola) pa kaboni woyamba, kaboniyo atuluka liti ngati CO2, ndipo mukuti mutayankha kuti pa enzyme ya pyruvate dehydrogenase aphunzitsi anakukhwatchani. Sanalakwitse, koma musadandaule, ambirife tinapunthwa pomwepo.

Tengani kapepala kakatali, lembanipo 1 mpaka 6, kuimira makaboni asanu ndi mmodzi a glucose, kenaka kapindeni pakati. Muona 3 wagona pa 4, 2 pa 5, 1 pa 6. Ndi zomwe zimachitika mu glycolysis, njira yophwanya glucose kukhala pyruvate awiri: enzyme ya aldolase imadula shugayo pakati pa 3 ndi 4, kenaka triose phosphate isomerase amasandutsa zidutswa ziwirizo kukhala zofanana. Ndiye pa pyruvate, carboxyl amachokera ku 3 kapena 4, wapakati ku 2 kapena 5, methyl ku 1 kapena 6. Pyruvate dehydrogenase amathothola carboxyl yekha basi, zotsalazo n'kukhala acetyl-CoA. Ngakhale yisiti amathothola yemweyo, moti mpweya wotukusa thovu pa mbiya ya masese ndi kaboni 3 ndi 4, enawo amatsala mu mowamo.

Wanu uja wa nambala 1 amalowa mu Krebs cycle, njira yozungulira ya mu mitochondria, ali pa acetyl-CoA, ndipo apa mpamene pamafunika kudekha. Ulendo woyamba CO2 awiri amatulukadi, koma onsewo ndi a oxaloacetate amene analipo kale, alendo ongofikawo sakhudzidwa. Mwina mudabwa, poti citrate, yemwe amapangidwa acetyl-CoA akalumikizana ndi oxaloacetate, amaoneka wofanana mbali zonse. Akatswiri nawonso zinawazunguza mutu mpaka 1948, pamene Alexander Ogston anafotokoza kuti enzyme ikagwira molekyulu malo atatu, imatha kusiyanitsa mbali ziwirizo. Kusakanikirana kwenikweni kumachitika pa succinate, pamene chizindikiro cha carbon-14 chimagawika mbali zonse ziwiri. Mukalondola bwinobwino ndi cholembera chofiira, mupeza kuti 2 ndi 5 amatuluka ulendo wachiwiri, pomwe 1 ndi 6 amayamba kutuluka ulendo wachitatu, theka lokha, kenaka theka la otsalawo ulendo uliwonse.

Koma werengani funso lija kachiwiri. Ngati latchula pentose phosphate pathway, njira ina yophwanyira glucose, yankho litembenuka: kumeneko kaboni 1 ndiye woyamba kutuluka, pomwe 6-phosphogluconate akusanduka ribulose-5-phosphate. N'chifukwa chake ofufuza amayerekezera CO2 wochokera ku kaboni 1 ndi wochokera ku kaboni 6. Wa 1 akachuluka, amadziwa kuti njira ya pentose ikugwira ntchito. Maselo ofiira a magazi alibe mitochondria, ndiye CO2 wawo amatulukira njira imeneyi, ndipo enzyme yoyambitsa njirayi ndi G6PD (glucose-6-phosphate dehydrogenase), amene kuchepa kwake kumapezeka mwa anthu ambiri muno mu Africa.

Jambulani maulendo atatu onsewo papepala usiku uno, mujambule chithunzi muponye muno, ndikuonerani pamene cholembera chofiira chasochera.